Mkamwini Amene Anakhoma Chilatini pa Mitengo

Pamudzi wa Nkhwidzi, kuseri kwa phiri la Ntchisi, panali mkamwini wina amene sankatha kudutsa mtengo osautukwana m'Chilatini. Dzina lake linali Filipo Chinkhadze, koma dzina limenelo linkagwira ntchito kutchalitchi ndi pakhadi la chipani basi. Pamudzi ankangoti a Chilatini, ndipo eni akewo ankavomera mokondwa, poyesa kuti ndi ulemu.

Kwawo kunali kumapiri a ku Dowa. Ali mnyamata ansembe anamutenga kuti akaphunzire unsembe, ndipo anakhalako zaka zinayi. Mukawafunsa chimene chinawachotsa kumeneko, a Filipo ankagwira pachifuwa n'kunena kuti ndi chifuwa chachikulu. Bodza lenileni. Amene anali nawo limodzi ankasimba kuti tsiku lina kutabwera alendo, mnyamatayo anaimirira m'kalasi n'kukonza Chilatini cha mphunzitsi wake pabolodi, alendo akuona. M'mawa mwake anamupatsa bokosi lake. Anatuluka ndi nsapato zakuda, buku lomasulira mawu lopanda chikuto, ndi matama amene sanakwane m'bokosimo.

Poyamba analembedwa ntchito ndi azungu ofufuza miyala, yosenza thumba la miyala pambuyo pawo. Kenako anapeza malo kunkhalango ya paphiri la Ntchisi, kumene anakhala zaka makumi awiri ndi zitatu. Musaganize kuti anali bwana. Ntchito yawo inali kudula timalata, kutipaka penti wobiriwira, kulembapo dzina la mtengo ndi penti woyera monga alembera abwana papepala, n'kukakhoma. Anali pamzere umodzi ndi otchetcha udzu. Kusiyana kwake kunali kwakuti a Filipo ankafunsa tanthauzo la dzina lililonse, ndipo abwana akapanda kudziwa ankalikumba okha m'buku lawo lija mpaka litatuluka. Zimenezo n'zabwino, palibe angatsutse. Choipa chinali chakuti akalipeza tanthauzolo, mudzi wonse unkayenera kulimva, ufune usafune.

Mayi akudutsa ndi dengu la masuku, a Filipo ankamuimitsa pakati pa njira.

"Mayi, mwasenzazo mukuzidziwa? Ameneyo ndi Uapaca kirkiana. Kirkiana ndiye kuti wa Kirk, mzungu wina wakalekale amene ankatola masamba."

"Ndiye mzunguyo adzabwera liti kudzatenga masuku akewo?" anafunsa mayi wina tsiku lina, khosi likupweteka ndi katundu. A Filipo sanamve kuti akusekedwa. Anayamba kufotokoza kuti munthuyo anafa kale.

Mlombwa ankautcha Pterocarpus angolensis, ati chipatso chamapiko cha ku Angola. Taonani, mtengo womera pachulu cha makolo athu, umene agogo athu anasemerapo mitondo, ati ngwa ku Angola, dziko limene a Filipo sankadziwa n'komwe kuti lili kuzambwe kapena kuvuma. Mbawa ankaitcha Khaya nyasica, ati ya ku Nyasa. Mombo ankautcha Brachystegia, ati chofunda chachifupi. Anthu ankati akawaona akubwera, ankapatukira kutchire ngati amva m'mimba.

Munthu mmodzi yekha amene ankawatha anali mkazi wawo, Marita, woumba mbiya. Marita ankakumba mwala wina wakuda woterera n'kumakulungizira miphika yake kuti inyezimire. A Filipo anamuuza kuti azungu a miyala amautcha graphite, kuchokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza kulemba. Marita sanatukule mutu. Anangoti, "Chabwino, a Phiri. Ine ndikulemba. Inu kapalireni mtedza." Ndipo ankapitadi, ngakhale kupalira kwake kunali kwa munthu woopa kudetsa nsapato.

Ndi achibale a mkazi wawo zinali zina. Mkamwini amadziwika ndi thukuta: kufolera denga la apongozi, kukumba nawo manda, kufika msanga pamaliro. A Filipo pamaliro ankafika ndi mpando wawo. Ndipo panali tsiku limodzi limene mudzi sunaiwale. Mlamu wawo Abrahamu, mchimwene wa Marita, yemwe anali mwini mbumba, anatsutsana nawo pamowa wa masese pankhani ya malire a dimba. A Filipo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Papio cynocephalus." Akanangolekera pomwepo bwenzi palibe kanthu, poti palibe anamva. Koma munthuyu sankatha kusiya dzina lopanda tanthauzo. Anatembenukira kugulu n'kumasulira bwinobwino kuti ndiye kuti nyani wa mutu wa galu. Anthu anaseka mpaka kutaya mowa. Abrahamu nayenso anaseka pang'ono, n'kuwasunga mawuwo zaka makumi awiri.

Marita anamwalira m'dzinja la 1973, chimanga chikumasula. A Filipo analira zenizeni, tisawanamizire. Kwa mwezi wathunthu sanatchule dzina la mtengo ndi umodzi womwe. Koma m'meto utatha, Abrahamu anabwera n'kukhala pakhonde, chipewa pabondo.

"Alamu, mwatisungira mlongo wathu, tathokoza. Tikakolola tikusudzulani, mukapume kwanu."

Mawuwo anali aulemu, ndipo mwambo unali kumbali yake: mkazi akafa, mkamwini amamasulidwa n'kubwerera kwa amayi ake. Koma kwa a Filipo kwawo kunali kuti? Ku Dowa alongo awo onse anatha, munda wa amayi awo adzukulu anagawana kalekale, ndipo iwo anali asanapondeko zaka khumi. Zonse zimene anali nazo zinali pa Nkhwidzi: nyumba imene Marita anazira ndi manja ake, mwana wawo mmodzi yekha, Lidia, amene anakwatiwa kutsidya kwa njira, ndi kankhalango ka mitengo makumi atatu ndi umodzi kozungulira nyumbayo, kamene Marita ankakaletsa nkhwangwa. Kankhalango kameneko ndiko Abrahamu ankakalota. Anali atayamba kulima fodya wachikopa, wouma ndi utsi, ndipo balani yake inkadya nkhuni ngati njovu.

Lidia anabwera kwa bambo ake ndi tambala m'khwapa.

"Ababa, tengani nkhuku iyi mupite kwa atsibweni. Mukagwade, mukanene kuti munalakwa tsiku lija. Nkhalamba yopepesa saithamangitsa. Akusiyani mufere pano."

Mwanayo ankanena zoona. Akamwini angati okalamba anafera pamudzi pomwepo chifukwa chodziwa kuwomba m'manja? Koma a Filipo anaona ngati mwana wawo wawathira madzi ozizira.

"Ine ndikagwadire munthu wosaina ndi chala? Bweza nkhuku yakoyo."

Anali ndi nzeru ina, ndipo ankaiona ngati yoposa ya Solomoni. Pansi pa bedi panali zitini ziwiri za penti zimene anachoka nazo kuntchito, wina wobiriwira wina woyera. Anatolera madebe akale a palafini, n'kumawadula m'nyumba chitseko chili chotseka. Anadikira tsiku limene lole inabwera kudzatenga mudzi wonse kupita kumsonkhano wa chipani. Masiku amenewo kumsonkhano kunalibe kukana, koma a Filipo anamanga mwendo ndi nsanza n'kubuula mpaka anyamata a chipani anawasiya. Lole itangozimirira, mwendo unachira.

Anthu pobwera chakumadzulo, fumbi lili mbuu m'maso, anapeza mtengo uliwonse wavala chikwangwani. Chobiriwira, zilembo zoyera zoongoka, nambala pakona. A Filipo anali atakhala pampando wawo uja, atavala jekete yakale ya khaki.

"Alamu, izi n'chiyani?" anafunsa Abrahamu.

"Anabwera a boma muli kumsonkhano. Mitengo yonseyi yalowa m'kaundula. Ine andiika woyang'anira."

Panjira panalibe mapazi a galimoto ina kupatula a lole ija. Penti ankanunkha kuchokera m'nyumba mwawo. Mwana wa sitandade wani akanatha kuona. Koma inu amene simunakhale nawo nthawi imeneyo simungamvetse mantha amene chitsulo cholembedwa chinkadzetsa. Kutsidya kwa mtsinje kunali bambo wina amene anatola chikwangwani cha pamsewu chitagwa ndi mphepo n'kufolera khola la nkhunda. Anamutenga, anthu n'kumva kuti ali kundende ya ku Dzaleka, ndipo nkhunda zake zinafa zisanamuonenso. Tsono ndani akanayerekeza kufunsa ngati boma linabweradi? Kufunsako kukanamveka ngati ukukayikira boma. Abrahamu anayang'ana zilembo zimene sankatha kuwerenga, n'kubwerera. Za kusudzula sizinatchulidwenso, pakuti ungathamangitse bwanji munthu woikidwa ndi boma?

Akanakhala munthu wina, akanakhala phee n'kumathokoza Mulungu. A Filipo ayi. Anasema ndodo. M'mawa uliwonse ankazungulira mitengo yawo ngati mkulu wa asilikali. Amayi otola nkhuni zouma, amene Marita sankawaletsa, anawathamangitsa. Ana akabwera kudzatola masuku, ankawaimika pamzere kuti ayambe atchula Uapaca kirkiana katatu, ndipo wolephera ankabwerera chimanjamanja, ngakhale akhale mdzukulu wawo. Akakumana ndi Abrahamu atasenza nkhuni zochokera kutali, thukuta lili chuu, ankamupatsa moni wokweza. Chaka ndi theka anadya ufumu umenewo. Akuluakulu ankangopukusa mitu n'kumati mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Amalondawo sanaitanidwe ndi mdani. Anawaitana ndi tcheyamani wa chipani wa m'deralo, munthu wokonda kutamandidwa, amene anakhulupirira nkhaniyo ndi mtima wonse. Pamsonkhano wina waukulu anaimirira n'kudzitama kuti kudera kwake chitukuko chafika mpaka pamitengo, moti boma lakhazikitsa nkhalango yake pa Nkhwidzi. Anthu anawomba m'manja. Pagululo panali bwana wina wachinyamata woona za nkhalango, wongofika kumene, amene sanawombe nawo chifukwa mtima unali utamugunda. Nkhalango imeneyo sanaimvepo.

Anabwera Lachiwiri pa njinga yamoto, tcheyamani ali kumbuyo. Mudzi wonse unasonkhana. Bwanayo anayenda mtengo ndi mtengo, kabuku m'manja, ndipo apa ndi pamene luso la a Filipo linawapachika. Mayina onse anali olondola, opanda chilembo chosokonekera. Kalembedwe kanali kofanana ndendende ndi ka zikwangwani za paphiri, poti dzanja linali lomwelo. Choposa zonse, paphiri manambala anathera pa 412, ndipo apa anayambira pa 413. Munthu wabodza wamba akanayambira pa wani. A Filipo sakanalola kulakwitsa kotero.

Bwana uja anapukuta thukuta. Muofesi mwake munalibe pepala lonena za malowa, koma amene anamusiyira mpando anachoka mosatsanzika, monga ankachokera anthu masiku amenewo, ndipo mapepala ambiri anasowa naye limodzi. Akanena kuti boma siliidziwa mitengoyi, ndiye kuti tcheyamani ananama pamsonkhano. Akanena kuti pepala linatayika, afunsidwa iye. Anatembenukira kwa nkhalamba ya jekete.

"Madala, zikwangwani izi anakhoma ndani?"

Kunena zoona kunali kuvomera pamaso pa tcheyamani kuti anadzisandutsa boma kwa chaka ndi theka, ndipo msewu wa ku Dzaleka ankaudziwa, unkadutsa kufupi ndi kwawo. Anayang'ana Lidia, amene anali atagwira pakamwa.

"Ndi boma, bwana."

Bwanayo anapuma mpweya wautali, nkhope n'kumasuka. Analemba m'kabuku.

"Chabwino. Nanga inu ndinu ndani pano?"

"Woyang'anira, bwana."

"Kalata yokulembani ntchito ili kuti?"

Bwanayo sanakakamize, anali atapeza kale chimene ankafuna. Analoza nyumba, utsi ukutuluka padenga.

"Umo mukhala ndani? Mukusonkha moto pakati pa nkhalango ya boma? Inuyo amene munagwirako ntchito paphiri, lamulo simulidziwa? Simuloledwa nyumba, simuloledwa mbuzi, simuloledwa moto. Ndikupatsani masabata awiri."

A Filipo anatsegula pakamwa. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, munalibe mawu, a Chichewa kapena a Chilatini. Lamulolo ankalidziwadi, ndipo anali atalilalikira amayi a nkhuni tsiku ndi tsiku.

Bwana anapitiriza kuti pafunika mlonda weniweni, wamphamvu zake, mbadwa ya pamudzi, woti alambule malire ndi kuletsa moto. Tcheyamani sanachedwe. Analoza Abrahamu, munthu amene khadi lake la chipani silinachedwepo ndi tsiku limodzi. Mwezi usanathe, nyani wa mutu wa galu uja anali atavala yunifomu ya khaki yatsopano, ya mabatani onyezimira, ndi nsapato za jombo. Nkhuni za fodya anazitaya, inde, koma simukanamumva akudandaula.

Lidia analira mpaka maso kutupa, koma akanatani? Bambo sagona m'nyumba ya mkamwini wake, ndipo malo omangapo kanyumba kena wopereka anali Abrahamu yemweyo. Nkhuku ija tsopano inali itachedwa. Abrahamu anachita mwambo wonse mosaphonya, anaitana akuluakulu, anathokoza alamu ake ndi mawu okoma, n'kuwasudzula. Denga la nyumba ya Marita analisasula yekha, mosamala, kuti lisakhudze chikwangwani chilichonse.

Ku Dowa mdzukulu wina anawapatsa kanyumba kamene kale ankasungiramo makasu. Phiri la kwawo, limene a Filipo analisiya lili bii ndi mitengo, linali litametedwa mpala ndi mabalani a fodya. Panalibe choti atchule. Ankangokhala pamwala n'kumazula chisoso, n'kumauza aliyense wodutsa kuti ndi Bidens pilosa, mano awiri aubweya. Kumeneko anthu sankapatuka n'komwe. Ankangodutsa osatembenuka, poyesa kuti nkhalambayo yazungulira mutu.

Patapita zaka ziwiri, masuku atapsa, anadzuka ulendo wapansi wobwerera ku Nkhwidzi. Anayenda masiku awiri, akupumira mtunda uliwonse. Chifuwa chimene ankanamizira ali mnyamata chinali chitawapeza tsopano, ndipo manja ankanjenjemera moti kapu ankaigwira ndi manja awiri. Anagona kwa katekisiti wa pamudzipo, anaona Lidia ndi adzukulu, ndipo m'mawa anatsetserekera kumitengo kuja. Malire anali olambulidwa bwino, mdima wa masamba uli ndii, masuku ali mbwee pansi osatoledwa. Pamene panali nyumba panatsala kachulu komera udzu. Abrahamu anali chilili m'malire, ndodo m'khwapa.

"Mwafika, alamu. Koma mulekere pomwepo. Wopanda chilolezo salowa."

A Filipo anaima. Anavula chipewa, chinthu chimene sanachitepo pamaso pa munthu ameneyu.

"Alamu, ine ndatha. Mvula ikubwerayi sindiimaliza. Kumanda a kwathu kulibe amene adzadziwe pamene ndagona, ndipo ine chitsulo ndilibe, mphamvu zodulira debe zinatha. Ndipatseniko chikwangwani chimodzi chokha, icho cha pamtengo wa msolo chili m'mphepetecho. Ndikachitembenuza n'kulembapo dzina langa manja asanafe. Mukudziwa inu kuti ndinalemba ndine."

Abrahamu anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Ndinadziwa tsiku lomwelo, alamu. Penti anali m'zikhadabo zanu. Koma tsopano zili m'kaundula weniweni, makumi atatu ndi chimodzi, ndipo bwana amawerenga akabwera. Chikasowa chimodzi, ku Dzaleka ndipita ndine. Chitsulo cha boma sichizulidwa. Munatiphunzitsa ndinu."

Kenako Abrahamu analoza chikwangwani chija ndi ndodo. Zilembo zake zinali zambiri kuposa zina zonse, zothithikana mpaka m'mphepete.

"Komatu ichi chimandivutitsa maganizo. Ndachilondera zaka ziwiri osadziwa chimene chimanena. Dzina lonseli la msolo wokhawu?"

Munthu wanzeru akanavala chipewa chake n'kumapita. Koma uyu anali Filipo Chinkhadze, ndipo panali patatha zaka ziwiri wina asanamufunse tanthauzo la kanthu. Msana unaongoka wokha. Anakhosomola, n'kutchula pang'onopang'ono monga ankachitira kale.

"Pseudolachnostylis maprouneifolia. Kuli mtengo wina kutali umene umatchedwa Lachnostylis. Azungu ataona msolo anati ukufanana nawo, koma si umenewo. Ndiye anaika pseudo kutsogoloko." Mawu anayamba kuchepa. "Ndiye kuti chooneka ngati chenicheni, koma chabodza."

"Ooo," anatero Abrahamu, akugwedeza mutu. "Zikomo, alamu. Muyende bwino."

Anamwalira mu Febuluwale, ku Dowa, mvula ikugwa. Lidia anafika atakwirira kale. Pamtumbira adzukulu anaikapo mbale yobooka kuti pazidziwika, ndipo dzinja lotsatira madzi anaikokolola. Mitengo ya pa Nkhwidzi inatsala chilili, uliwonse ndi dzina lake ndi nambala yake, zilembo zoongoka bwino, popanda cholakwika ndi chimodzi chomwe.